Mmene mungazindikirire mbali yanu m'mavuto musanaimbe Mulungu mlandu

Pa zaka zimene ndakhala mkulu wa mpingo kuno ku Lusaka ndalowa m'nyumba zambiri za ku Chawama, ku Kanyama ndi ku Matero kukapepesa anthu amene agweredwa mavuto, ndipo mawu amene ndimamva kawirikawiri, munthu akangomaliza kundilonjera, ndi akuti, "Bambo, Mulungu wanditaya, ndalakwanji ine?" Funso limeneli sindilinyoza, chifukwa inenso linatulukapo pakamwa panga. Chimene ndaona n'chakuti ambiri amalifunsa osayembekezera yankho, pamene likanafunsidwa modekha likanawatulutsa m'dzenje. Miyambo 19:3 imanena kuti utsiru wa munthu ndiwo umakhotetsa njira yake, koma mtima wake umakwiyira Yehova. Komabe Baibulo lomwelo lili ndi Yobu, amene anavutika wosalakwa. Ntchito ya Mkhristu amene ali m'masautso ndiyo kudziwa kuti pa nkhani yake ziwirizi zagawana malire pati, ndipo ndilongosola njira imene ndimayendamo ndi abale ndi alongo pofuna malirewo.

Yambani ndi kulira, ndipo lirani kwa Mulungu mwini wake. Musalole munthu kukutsekani pakamwa ndi mawu akuti Mkhristu sadandaula, pakuti Salimo 13 likufunsa Yehova kuti adzaiwala wolirayo kufikira liti, ndipo Salimo 88 limathera mumdima popanda mawu otonthoza. Naomi atabwerera ku Betelehemu wopanda mwamuna ndi ana ake awiri, anauza amayi anzake kuti azimutcha Mara chifukwa Wamphamvuyonse anamuchitira zowawa. Kusiyana kuli pa kumene nkhope yanu yayang'ana. Wodandaulira Mulungu amakhala akulankhulabe naye, pamene womuimba mlandu wagamula kale nkhani, wamufulatira, ndipo akungosimbira anthu kuipa kwake.

Misozi ikaphwa pang'ono, tengani kope ndi cholembera, ndipo lembani nkhani yonse kuyambira pachiyambi, mwandondomeko, ndi masiku ake ndi ndalama zake. Apa ndi pamene pagona ntchito yaikulu, ndipo ambiri amapalumpha chifukwa pepala silinyengerera. Lamulo lake ndi limodzi: chiganizo chilichonse chikhale ndi wochita. Musalembe kuti "ndalama zinatha" kapena kuti "zinthu zinangosokonekera". Lembani amene anatenga ndalamazo, tsiku limene anazitenga ndi chimene anagula. Kalankhulidwe kobisa wochita n'kakale kwambiri. Mose atatsika m'phiri n'kufunsa za fano, Aroni anayankha kuti anaponya golide pamoto ndipo panatuluka mwana wa ng'ombe, chonsecho Eksodo 32 yanena kale kuti iye mwini ndiye anamuumba. Adamu naye anati mkazi amene Mulungu anamupatsa ndiye anamupatsa chipatso, ndipo m'mawu ochepawo anakankhira mlandu kwa mkazi ndi kwa Mlengi nthawi imodzi.

Ine pepala limeneli linandichititsa manyazi. Ndinali ndi kantemba pafupi ndi nyumba, kogulitsiramo shuga wopima, mafuta ophikira, mazira ndi makandulo, ndipo katagwa ndinakhala miyezi ingapo ndikuuza aliyense kuti Mulungu wandikaniza madalitso ngakhale ndimapereka chakhumi mokhulupirika. Tsiku lina mayi a kunyumba anandibweretsera kope la malonda, naliika pamaondo panga nati, "A bambo, tiyeni tiwerenge limodzi." Tinapeza kuti ndinatenga kaloba ya K2,000 yobweza K3,000 pakutha pa mwezi, ndipo theka la ndalamazo silinalowe m'katundu konse, koma ndinagulira foni ndi kuthandizira phwando la m'bale wanga kuti anthu asandione wolephera. Tinapezanso masamba awiri odzaza mayina a anthu amene ndinawapatsa katundu pangongole n'kumachita manyazi kuwalonjerera. Mwezi wotsatira ndinatenga kaloba ina kuti ndibweze yoyamba. M'kope monsemo munalibe mzere ngakhale umodzi umene Mulungu analemba. Mneneri Hagai ananena za anthu olandira malipiro n'kuwaika m'thumba lobooka, ndipo mawu amene Yehova anawauza anali akuti alingalire njira zawo. Thumba langa ndinalibooola ndekha, kenako n'kumapemphera kuti lidzaze.

Mukamaliza kulemba, bwererani pamwamba ndipo pa chiganizo chilichonse dzifunseni kuti ichi ndachita ndine, achita ndi anthu ena, kapena palibe munthu amene akanachiletsa. Mavuto ambiri amakhala osakanizika, ndipo cholakwa chathu ndicho kuwaponya onse m'dengu limodzi. Kumbukirani kolera imene inabuka mu October 2023 n'kukula mvula itayamba, mpaka bwalo la masewera la National Heroes Stadium linasandutsidwa malo ochizirako odwala, sukulu zinachedwa kutsegulidwa mpaka pa 12 February 2024, ndipo anthu oposa 700 anamwalira m'dziko muno. Pa maliro ambiri tinamva mawu akuti chinali chifuniro cha Mulungu. Komatu njira ya matendawa ndi yodziwika: ku Kanyama madzi a pansi ali pafupi, zimbudzi zokumba ndi zitsime zosazama zili moyandikana, ndipo mvula ikasefukira zonse zimasakanikirana. Kusathira klorini m'madzi akumwa pamene botolo lili m'nyumba, kutaya zinyalala m'ngalande usiku, ndi kusunga wodwala kunyumba tsiku lonse n'kumamupempherera m'malo momumwetsa madzi a ORS, amene ndi madzi a mchere ndi shuga obwezeretsa madzi m'thupi, ndi kuthamangira naye kuchipatala, zimenezo ndi za ife eni ake. Kusowa kwa mipope ndi ngalande zabwino m'makomboni ndi nkhani ya anthu amene tinawapatsa udindo, ndipo imafuna kuti tilankhule pamisonkhano ya m'dera, tifunse khansala ndi phungu wathu, ndiponso tizivota tikukumbukira. Pamene mayi amene anawiritsa madzi, nasamalira ana ake bwinobwino, koma mwana n'kudwalabe chifukwa cha chakudya chimene anadya kwina, iyeyo alibe mlandu, ndipo tsoka silinunkha.

Chilala cha 2024 chinali chimodzimodzi. Mvula palibe amene anaiumitsa, ndipo Pulezidenti Hakainde Hichilema atalengeza pa 29 February kuti dziko lili pa tsoka, tonse tinaona chimanga chikufota ndi magetsi akuzima nthawi yaitali chifukwa madzi anachepa ku Kariba. Wometa tsitsi kapena wowotcherera zitsulo ku Kalingalinga amene ntchito yake inaima sanalakwire aliyense. Koma amene anali ndi kenakake m'zaka zabwino n'kukathera kubetcha mpira pafoni ali ndi mbali yake yoti avomere, pakuti Yosefe ku Igupto sanaletse njala, koma anasunga limodzi mwa magawo asanu a zokolola m'zaka zisanu ndi ziwiri za dzinthu.

Pano ndiyenera kuchenjeza mwamphamvu, makamaka ife amene timayendera odwala ndi oferedwa. Nkhani ya udindo wa munthu ikagwera m'manja mwa wouma mtima imasanduka chikwapu. Ophunzira ataona munthu wobadwa wosaona anafunsa Yesu kuti anachimwa ndani, iyeyo kapena makolo ake, ndipo Ambuye anakana zonse ziwiri. Pa Luka 13 anatchula anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu inawagwera, nanena kuti sanali ochimwa kuposa ena onse a mu Yerusalemu. Elifazi, Bilidadi ndi Zofari anachita bwino masiku asanu ndi awiri amene anakhala chete pansi pamodzi ndi Yobu, ndipo analakwa atayamba kumufunira tchimo lobisika, kotero kuti kumapeto Mulungu anawakwiyira iwowo. Choncho ngati mwafufuza moona mtima ndipo simunapeze mbali yanu, musadzipangire mlandu pofuna kuti nkhaniyo imveke. Mkazi womenyedwa ndi mwamuna wake, mwana wobadwa ndi kachirombo, wantchito wochotsedwa chifukwa kampani yatsekedwa, onsewa asauzidwe kuti akukolola zimene anafesa. Pepala lija limalembedwa ndi mwini mavuto. Mlendo alibe chilolezo cholembera mnzake.

Komabe diso silidziona lokha, ndiye funani munthu mmodzi wokhwima m'chikhulupiriro amene sakuopani ndipo sadya za m'thumba mwanu, kaya ndi abusa, mkulu wa mpingo, mayi wa Chigwirizano kapena ankhoswe anu, mumuwerengere zimene mwalemba, ndipo mumupemphe kuti akuuzeni chimene mwadumpha. Davide anakhala ndi tchimo lake mpaka Natani anabwera ndi fanizo la kamwana ka nkhosa n'kumuuza kuti munthuyo ndi iye yemwe. Pewani amene ali ndi yankho musanamalize n'komwe kufotokoza. Mumzinda uno simusowa alaliki amene vuto lililonse amalitcha mzimu wa umphawi kapena temberero la kumudzi, namati mankhwala ake ndi kubzala mbewu ya ndalama m'manja mwawo. Sindikana kuti Satana alipo ndipo amagwira ntchito, koma chiphunzitso chimene chimaloza azakhali a ku Petauke kapena agogo a ku Katete, osakufunsani n'kamodzi komwe za mowa, za ngongole kapena za ulesi, chimangosamutsa mlandu kuchoka kwa Mulungu kupita kwa achibale, inu n'kutsala mmene munalili, ndalama zitachepanso. Yakobo 1:13 ndi 14 amanena mosabisa kuti Mulungu sayesa munthu ndi zoipa, koma munthu amakokedwa ndi chilakolako chake cha iye mwini.

Mbali imene yapezeka kuti ndi yanu, itchuleni ndi dzina lake pamaso pa Mulungu. Pemphero lakuti "mutikhululukire pamene talakwa" ndi labwino m'chipembedzo cha Lamulungu, koma m'chipinda mwanu nenani kuti ndinanama, ndinaba, ndinasiya kumwa mankhwala, ndinadya mpamba. Kenako dzukani mukakonze, chifukwa wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Zakeyu atalandira Yesu m'nyumba mwake anatchula chiwerengero: theka la chuma chake kwa osauka, ndi kubweza kanayi kwa aliyense amene anamulanda monyenga. Kwa ine kukonza kunali kupita kwa mwini kaloba masana, osamuzembanso, n'kugwirizana naye kuti chiwongoladzanja chiime ndipo ndizibweza pang'onopang'ono sabata iliyonse. Kunali kugulitsa foni ija ku City Market. Kunalinso kugogoda pa zitseko za angongole anga ndi kope m'manja, ngakhale ena anali anzanga a mumpingo. Pambuyo pake mayi a kunyumba analowa chilimba ndi anzawo a pamsika, ndipo ulendo wawo wolandira utakwana tinayambiranso ndi mazira ndi tomato. Kwa wina kukonza kudzakhala kubwerera kuchipatala kukayambiranso mankhwala amene anasiya atauzidwa kuti wachiritsidwa, ndipo kwa winanso kudzakhala kukapepesa mkazi wake pamaso pa ankhoswe. Sankhani chinthu chimodzi chimene mungathe kuchita sabata ino, ndipo muuze munthu uja tsiku limene mudzachichite kuti adzakufunseni.

Musasiye kupemphera pamene mukuchita zimenezi, ndipo musasiye kuchita pamene mukupemphera. Adani ataopseza omanga linga la Yerusalemu, Nehemiya 4:9 akuti anapemphera kwa Mulungu wawo ndi kuika alonda usana ndi usiku, zonse m'chiganizo chimodzi. Dziko lathu linalengezedwa kuti ndi lachikhristu ndi Pulezidenti Frederick Chiluba pa 29 December 1991, ndipo chaka chilichonse pa 18 October timakhala ndi tsiku la mapemphero, kusala kudya, kulapa ndi kuyanjanitsana. Ndimalilemekeza tsikuli, ndipo ndikanakonda kuti mipingo yathu ikatuluka m'mapempherowo izipanganso tsiku lotenga mafosholo ndi mawilibala kukatsegula ngalande, popeza mvula imakhala yatsala milungu yochepa kuti igwe.

Pomaliza padzatsala zinthu zina papepala zimene sizili zanu ndipo sizili za munthu wina aliyense, monga mwana amene anamwalira ngakhale munathamanga naye nthawi yabwino, kapena matenda amene madokotala achita zonse koma sakutha. Zimenezi musazikakamize kuti zikhale ndi chifukwa. Yobu sanauzidwe n'komwe za zimene zinakambidwa kumwamba, ndipo Paulo anapempha katatu kuti munga m'thupi mwake uchotsedwe, koma anayankhidwa kuti chisomo chimukwanira. Chimene ndimapempha oferedwa ndi chakuti asadzitsekere m'nyumba: alole amayi a mpingo abwere kudzaphika ndi kudzaimba, alole dzina lawo litchulidwe m'mapemphero a m'dera, ndipo ngati pakamwa pawo pakana kupemphera, wina awawerengere Salimo 13 mokweza kufikira ndime yomaliza. Mayi wina wa ku Kanyama amene anataya mwana m'nyengo ya kolera ija anakhala miyezi itatu osaponda m'tchalitchi, ndipo ife sitinamufunse chifukwa. Tinkangopita Lachinayi lililonse kukakhala naye pamphasa. Lamulungu limene anabwera anakhala pa benchi la kumbuyo kwenikweni, sanaimbe nyimbo ngakhale imodzi, ndipo titatuluka anandigwira dzanja nati, "Bambo, Lachinayi mubwerenso."