Mukufuna ntchito yofukula zinthu zakale? Nayi njira yoyambira

Mu 1991, ku Uraha m'boma la Karonga, gulu la ofufuza lotsogozedwa ndi Friedemann Schrenk ndi Timothy Bromage linapeza chibwano cha munthu wakale wa mtundu wa Homo rudolfensis, chomwe chili ndi zaka pafupifupi 2.4 miliyoni. Dzino lina linali lobenthuka. Chaka chotsatira gululo linabwereranso pamalopo n'kusefa dothi lambirimbiri mpaka kachidutswa ka dzino kaja kanapezeka. M'mabuku mumatchuka mayina a atsogoleri, koma amene amagwedeza sefa tsiku lonse, kuyeza, kulemba ndi kulongedza ndi anthu ena, ndipo popanda iwo palibe chingadziwike. Awa ndiwo matekinishani, othandiza akatswiri ofukula zinthu zakale. Ngati ndinu wachinyamata ndipo ntchito imeneyi imakukokani mtima, njira yake ilipo, ngakhale si msewu waphula.

Choyamba, dziwani ntchito imene mukuifunayo

Ambiri amaganiza kuti kufukula zakale ndi kusaka chuma chobisika. Ena kumudzi akaona anthu akukumba pabwinja amayamba kunong'onezana kuti akufuna golide kapena miyala yamtengo wapatali. Zoona zake n'zakuti zimene mudzakhale mukutola ndi mapale a miphika, timiyala tosema, mafupa a nyama, makala, mikanda ndi zotsalira za m'ng'anjo zosungunulira chitsulo. Pamsika palibe angakuguleni. Mtengo wake uli pa malo pamene chinthucho chinagona: kuya kwake, dothi lomwe chinali, ndi zimene chinayandikana nazo. Phale lotoledwa popanda kulemba pomwe lachokera langokhala phale basi.

N'chifukwa chake ophunzitsa ntchitoyi amabwereza mawu amodzimodzi: kufukula n'kuwononga. Dothi limene mwachotsa simungalibwezerenso m'mene linasanjikirana kwa zaka zikwi. Chotsala ndi zimene mwalemba, kujambula ndi kuyeza. Tekinishani wabwino si wamphamvu pa fosholo ayi, ndi amene kope lake lingawerengedwe ndi munthu wina patapita zaka 30 n'kumvetsa zonse zimene zinachitika m'dzenjemo. Ngati kulemba tinthu ting'onoting'ono kumakutopetsani, lingaliraninso bwino pano pomwe.

Chachiwiri, konzani MSCE yanu

Mayunivesite aboma amafuna makirediti asanu ndi limodzi, Chingerezi chili pomwepo, ndipo kusankha kumadzera ku bungwe la NCHE. History ndi Geography ndiwo oyandikira kwambiri. Koma musataye masamu, chifukwa kumunda, ndiko kunena kumalo kumene mukufukulako, mudzayeza tsiku lililonse, ndipo Biology idzakuthandizani mukadzafika pa mafupa. Amene ndalama zikuvuta akhoza kupempha ngongole ku Higher Education Students' Loans and Grants Board akasankhidwa.

Chachitatu, sankhani sukulu mutafunsa mafunso

Kuno kwathu khomo lolowera limakhala maphunziro a mbiri yakale ndi chikhalidwe. Ku Mzuzu University kuli maphunziro a History and Heritage Studies. University of Malawi ku Zomba yakhala ikuphunzitsa mbiri kwa zaka zambiri, ndipo National Archives ili mumzinda womwewo. Catholic University ku Nguludi yakhala ikuphunzitsa anthropology (maphunziro a anthu ndi chikhalidwe chawo), pamene MUST ku Thyolo ili ndi Bingu School of Culture and Heritage. Mapulogalamu amasintha chaka ndi chaka, choncho pezani kabuku ka sukuluyo ka chaka chimene mukulembera.

Dzina la digiri lisakunyengeni. Pitani kapena imbani foni ku dipatimentiyo mufunse zinthu zitatu. Kodi pali mphunzitsi amene iye mwini anafukulapo malo akale? Kodi ophunzira amapita kumunda, ndipo amakakhala masiku angati? Kodi pali chipinda chomwe mungagwiremo mapale ndi miyala ndi manja anu? Ulendo wa tsiku limodzi wokaona zojambula zakale za pamiyala za ku Chongoni ndi wabwino, koma si maphunziro a kumunda. Mutha kumaliza zaka zinayi, kuvala gawuni, koma musanagwirepo sefa.

Palinso khomo lina limene ambiri saliganizira, ndipo ine ndimaliona kuti ndi lanzeru: kuphunzira zoyeza malo ndi kujambula mapu. MUBAS ku Blantyre ndi Mzuzu University amaphunzitsa zimenezi. Gulu lililonse lofukula limasowa munthu wodziwa kuimika total station (makina oyezera mtunda ndi ngodya), kugwiritsa ntchito GPS ndi kupanga mapu pa kompyuta. Munthu wotere akaonjezera chidwi cha mbiri yakale sasowa pomuika, ndipo nyengo yofukula ikatha amakhalabe ndi luso lomudyetsa. Ngakhale mutasankha mbiri, phunzirani QGIS, pulogalamu ya pa kompyuta yopangira mapu. Ndi yaulere, mumangoitsitsa pa intaneti.

Chachinayi, fikani kumunda musanamalize sukulu

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Zakale za dziko lino zimayang'aniridwa ndi Dipatimenti ya Museums and Monuments, imene inatenga ntchito za dipatimenti yakale ya Antiquities. Ofufuza aliyense, wa kuno kapena wakunja, amatenga chilolezo kumeneko ndipo amagwira ntchito pamodzi ndi ogwira ntchito m'dipatimentiyo. Ndiye iwowo ndi amene amadziwa kuti chaka chino kukufukulidwa kuti. Lembani kalata yopempha kuphunzira ntchito pa holide, yotsagana ndi kalata ya mphunzitsi wanu. Yesaninso ku Chichiri Museum ku Blantyre, ku Lake Malawi Museum ku Mangochi, kapena ku Cultural and Museum Centre Karonga, yomwe inatsegulidwa mu 2004. Magulu akunja amabweranso: Jessica Thompson ndi anzake anafukula ku Karonga kwa zaka zingapo, kenako n'kusamukira ku mapanga a phiri la Hora ku Mzimba, ndipo ntchito zotere zimayenda ndi manja a Amalawi ambiri.

Mukapeza mwayiwo, musakhumudwe akakuikani pa sefa sabata yonse. Pasefa m'pamene maso amaphunzira. Tsiku loyamba zonse zimaoneka ngati miyala wamba. Pofika tsiku lachinayi mumayamba kusiyanitsa kamwala koyera kamene kanangosweka kokha ndi kamene kanasemedwa ndi munthu, chifukwa kosemedwa kamakhala ndi pamalo pomwe kanamenyedwa ndi kachotupa pansi pake. Mumayamba kuona kamkanda kakang'ono kuposa njere ya mapira.

Kenako mudzaphunzira kukhoma sikweya. Dzenje la ofukula nthawi zambiri limakhala mita imodzi mbali zonse. Mumakhoma misomali iwiri yotalikirana mita imodzi, ndiye kuti ngodya ziongoke mumayeza mopingasa kuchoka pangodya ina kufika pa inzake: pakhale masentimita 141.4. Zikasiyana, zulani muyambirenso. Mukamanga chingwe, mumayamba kupala ndi kampeni kosongoka, konga kaja amisiri omanga nyumba amapakira simenti. Mumapala, simubaya. Mumatsika pang'onopang'ono, masentimita asanu kapena khumi, kapena kutsata pamene dothi lasintha mtundu, malinga ndi m'mene wotsogolera wanenera. Makoma a dzenje aziima chilili, chifukwa pakhomapo m'pamene mudzawerengere kusanjikizana kwa dothi: apa phulusa la moto, apa mchenga wa madzi osefukira, apa dzenje limene wina anakumba pambuyo pake n'kusokoneza za pansi. Chiswe, mfuko ndi mizu ya mitengo zimasunthanso zinthu, ndipo tekinishani amayenera kuziona n'kuzilemba, osazibisa.

Chinthu chikaoneka, mtima umafuna kuchizula. Musatero. Chiyeretseni m'mbali ndi burashi, chijambuleni pali kandodo koonetsa kukula kwake ndi muvi woloza kumpoto, chiyezeni, ndiye muchinyamule. Pathumba lililonse lembani dzina la malo, nambala ya sikweya, kuya kapena nambala ya dothi, tsiku ndi dzina lanu, ndipo muike kapepala kena m'kati, chifukwa inki ya kunja imafufutika ndi dzuwa. Ndinaonapo thumba lodzaza ndi mapale okongoletsedwa bwino litakhala m'stolo lopanda cholembedwa chilichonse. Anthu anatuluka thukuta kulifukula, koma palibenso amene anganene kuti linachokera kuti. Zimandiwawa mpaka lero.

Zina zimafuna kusamala kwapadera. Makala okayezetsa zaka sagwidwa ndi manja, amanyamulidwa ndi kampeni n'kukulungidwa mu foyilo, ndipo njira yoyezera zakazo, yotchedwa radiocarbon, imafika zaka pafupifupi 50,000 zokha. Pa malo akale kuposa pamenepo, monga ena a ku Karonga, amayeza mchenga umene, kuti adziwe nthawi yomwe unaona dzuwa komaliza. Mchenga umenewo amautenga pokhomera paipi pakhoma la dzenje, ndipo ukangoona kuwala ndiye kuti wawonongeka. Funsani kuti akuonetseni zimenezi. Wophunzira wofunsa ndi amene amaitanidwanso chaka chamawa.

Za umoyo wa kumunda ndingonena mwachidule: mudzagona mu tenti kapena m'kalasi ya sukulu, madzi adzakhala otunga, ndipo chipewa, nsapato zolimba ndi neti ya udzudzu si zoiwala.

Chachisanu, khalani pansi ndi mapale

Sabata imodzi yofukula imabala milungu yambiri ya ntchito ya m'chipinda: kutsuka, kuumitsa, kuwerenga, kuyeza pa sikelo, kulemba manambala ndi kulowetsa zonse mu kompyuta. Ambiri amathawa gawo limeneli chifukwa lilibe zithunzi zoika pa Facebook. Inu musathawe, chifukwa apa m'pamene munthu amasanduka wosowa.

Phunzirani mitundu ya miphika ya dziko lino. Keith Robinson, amene anafukula malo ambiri kuno m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, anathandiza kuika m'ndondomeko mitundu imene imatchulidwa ndi mayina a malo: Nkope, yomwe ndi ya alimi oyambirira osula chitsulo kum'mwera kwa nyanja, Mwabulambo kumpoto, kenako Kapeni, Mawudzu ndi Nkhudzi. Imasiyana pa milomo, makulidwe ndi zokongoletsa. Ku Mankhamba, pafupi ndi Mtakataka, komwe kunali likulu la Amaravi, a Yusuf Juwayeyi anapeza mapale ochuluka a Mawudzu pamodzi ndi mikanda yagalasi, minyanga ya njovu, mkuwa ndi zidutswa za mbale zochokera ku China. Tekinishani amene angatole phale m'mphepete mwa msewu n'kunena kuti ili ndi la Nkope wapulumutsa gulu lonse masiku angapo. Ndipo ngati kwanu kuli agogo oumba mbiya, khalani nawo pansi muone m'mene amasankhira dongo, kuumba ndi kuwotcha. Zimene mudzaone pa phale la zaka chikwi mudzazimvetsa msanga kuposa mnzanu amene anangowerenga.

Chachisanu ndi chimodzi, lamulo ndi eni nthaka

Lamulo la Monuments and Relics Act la 1990 limaletsa kufukula kapena kutulutsa kunja zinthu zakale popanda chilolezo. Choncho musayeserere nokha pabwinja la kwanu. Ngati mukufuna kuzolowetsa dzanja, pitani pa nkhuti kapena pamene msewu unadula chitunda, mujambule kusanjikizana kwa dothi papepala la timabokosi, osakumba kanthu.

Koma chilolezo cha boma sichikwanira. Malo ali ndi eni ake. Gulu lisanakhome msomali limakaonekera kwa a DC, kwa a T/A ndi kwa a nyakwawa, ndipo nthawi zambiri amene amalankhula ndi tekinishani, chifukwa ndiye wodziwa chilankhulo ndi ulemu wake. Mukafika mumapereka moni moyenera, mumakhala pansi, mumafotokoza chimene mwadzera mosabisa, ndipo mumafunsa kuti, "Gogo chalo, kodi pali malo amene sitiyenera kupondapo?" Ku Chongoni, komwe kuli malo 127 a zojambula pamiyala ndipo bungwe la UNESCO linakuzindikira mu 2006 ngati malo ofunika pa dziko lonse, zojambula zina n'zokhudza chinamwali ndi Nyau, ndipo anthu ozungulira amazilemekezabe. Manda, dambwe ndi kachisi si malo ongolowapo chifukwa muli ndi pepala. Mafupa a munthu akatulukira m'dzenje, ntchito imaima, mumaphimba mwaulemu, n'kudziwitsa wotsogolera kuti akambirane ndi dipatimenti ndi mafumu. Foni ikhale m'thumba. Amene akudziwa Chitumbuka, Chiyao kapena Chinkhonde kuphatikiza pa Chichewa alembe zimenezo pa CV, chifukwa ndi luso lenileni pa ntchitoyi.

Pomaliza, kusaka ntchito yoyamba

Ndinene chilungamo: mipata yokhazikika m'boma ndi yochepa ndipo imatuluka patalipatali. Ntchito zambiri zoyambira ndi za kontirakiti, milungu ingapo kapena miyezi. Zimachokera ku magulu ofufuza komanso ku zitukuko zikuluzikulu. Asanamange msewu, damu, mgodi kapena nthambo za magetsi, pamachitika kauniuni wa m'mene ntchitoyo ikhudzire chilengedwe ndi anthu, ndipo mbali ina ya kauniuniyo imaona za malo akale ndi manda. Pamafunika anthu oyenda pansi m'njira yonseyo, kutola malo pa GPS, kukumba timayenje toyesera, ndi kuyang'anira pamene mathirakitala akugwira ntchito. Pezani makampani amene amachita kauniuni wotere muwasiyire CV.

Pa CV yanuyo digiri itenge mzere umodzi. Malo otsalawo lembani kumene munafukula, masiku angati, pansi pa ndani, ndi zimene manja anu anachita: kusefa, kujambula khoma la dzenje, kuimika total station, kusanja mapale, kupanga mapu. Sungani makope a zojambula zanu ziwiri kapena zitatu, mutapempha chilolezo kwa wotsogolera, kuti muzionetsa. Layisensi yoyendetsa galimoto imathandizanso kwambiri. Amene adzafune kupitiriza maphunziro akhoza kuyang'ana ku University of Dar es Salaam, ku Wits, Pretoria kapena Cape Town, komanso ku British Institute in Eastern Africa ku Nairobi, yomwe imatenga omaliza digiri kukaphunzira ntchito yofufuza.

Kufukula kwambiri kumachitika m'chilimwe, makamaka kuyambira June mpaka August, pamene mvula yatha ndipo udzu wayamba kuuma. Magulu amakonza mndandanda wa anthu awo miyezi ingapo nthawiyo isanafike. Choncho kalata yanu yopempha malo ilembedwe chimanga chikadali m'munda, mu January kapena February, ndipo pakatha milungu iwiri musanayankhidwe, pitani nokha ku ofesiko mukaonekere.