Kawerengedwe ka chipilala cha munthu wofufuza maiko

Musayambe ndi nkhope. Yambani patsinde, pamene pali zolembedwa, mupeze zaka ziwiri: chaka cha ulendo ndi chaka chimene chipilalacho chinaimikidwa. Chachiwirichi ndiye chimaulula zambiri. Padrão dos Descobrimentos ya ku Lisbon m'dziko la Portugal, yotalika mamita 52, inamangidwa mu 1960, patatha zaka 500 Henry the Navigator, mwana wa mfumu amene ankatuma zombo kukafufuza maiko, atamwalira, boma la Salazar, mtsogoleri wa Portugal, likukakamirabe maiko amene linkawalamulira mu Africa. Mwalawo ukunena za 1960 kuposa za 1460.

Kenaka bwererani m'mbuyo mpaka chonse chikwane m'maso, ndipo muchizungulire. Ambiri amangojambula kutsogolo n'kumapita, chonsecho wosema amaika zina kumbuyo ndi m'mbali.

Tsopano onani zimene munthuyo wanyamula. Pa chipilala cha ku Lisbon chija, Henry wagwira kachombo kakang'ono ataima kumutu kwa mwala wooneka ngati chombo. David Livingstone wa ku Edinburgh, amene anaumbidwa ndi Amelia Hill n'kuimikidwa mu 1876, watambasula dzanja lokhala ndi Baibulo, ndipo pafupi pali chikopa cha mkango, chokumbutsa mkango umene unamuphwanya mkono ku Mabotsa, ku South Africa, mu 1844. Chala cholozera musachikhulupirire msanga: Columbus wa ku Barcelona, wa 1888, akuloza kunyanja ya Mediterranean, pamene America ili mbali ina.

Pofunika kudekha kwambiri ndi apa: werengani anthu onse, muone waima ndani, wagwada ndani, wapatsidwa dzina ndani. Ku Charlottesville ku America, chiboliboli cha Charles Keck cha 1919 chinaimiritsa Lewis ndi Clark, ofufuza kumadzulo kwa dzikolo, koma Sacagawea, mayi amene ankawamasulira zilankhulo, chinamunjutitsa m'munsi mwao. Anthu anadandaula kwa zaka zambiri mpaka chinachotsedwa mu 2021. Ife timalemba mbali ziwiri m'kope, ya oonekera ndi ya osowa, chifukwa onyamula katundu ndi olondolera njira kawirikawiri saumbidwa n'komwe. Susi ndi Chuma, amene anatsogolera gulu lonyamula mtembo wa Livingstone mpaka ku Bagamoyo, m'mbali mwa nyanja ku Tanzania, mudzavutika kuwapeza.

Kubiriwira kwa mkuwa kusakupusitseni kuti ndi litsiro. Ndi chikuto chimene mpweya ndi mvula zimapanga, ndipo wochikwecha ndi bulashi ya waya amafufuta timizere ta wosema. Pitani m'mawa kapena dzuwa litapendeka, kuwala kukamagwera cham'mbali, ndi pamene zilembo zofufutika zimawerengeka.