Galu wathu wokalamba wayambanso kudya

Bobi ali ndi zaka 13, mano anaguluka, miyendo yakumbuyo imanjenjemera. Mu Okutobala, kutentha kwa kuno ku Mangochi kutafika povuta, anasiyiratu kudya mkute. Ndinkangoti basi, watsala madzi amodzi.

Vuto linali mano ndi dzuwa. Ndinayamba kumuphikira phala lamadzimadzi la mgaiwa, n'kusinjiramo usipa wouma, nditauviika kaye kuti ufewe ndi mchenga uchoke. Chambo ayi, minga yake imabaya pakhosi. Ndimamupatsa m'mamawa ndi madzulo kukazizira, mbale nditaikweza panjerwa ziwiri kuti asamawerame kwambiri. Chiguduli chake ndinachisamutsira pansi pa mtengo wa mango, madzi pambali.

Agogo amaseka, akuti galu akudya bwino kuposa iwo. Kuthamanga sathamanganso, koma mbale akumaliza.