Ulimbo wa m'zophulitsira miyala nawo umakalamba

Inu amene mumasunga zophulitsira kumigodi ndi kumakwale, dziwani kuti zina mwa zimene zimabwera zoumbidwa kale kufakitale zimagwirana chifukwa cha ulimbo wa polima, wofanana ndi labala kapena pulasitiki. Ulimbowu umakhala wochepa, nthawi zambiri magawo 5 mpaka 10 pa 100 alionse, koma ndi umene umachititsa kuti katunduyu anyamulike popanda ngozi.

Mankhwala ophulika amakhala ngati timibulu ta shuga. Timibuluti tikakhulana kapena kusweka, pamatentha kamalo kochepa zedi kosaoneka ndi maso, ndipo ngozi imayambira pomwepo. Ulimbo umakuta kambulu kalikonse, umatseka timipata ta mpweya, ndipo bokosi likagwa, kugundako kumathera mu ulimbowo. Katswiri wa ku Sweden, Alfred Nobel, anaweta nitroglycerin, mankhwala amadzimadzi osachedwa kuphulika, poinyikitsa m'dothi lapadera mu 1867, ndipo akatswiri a ku Los Alamos, ku America, anayamba kumata zophulika ndi pulasitiki mu 1952.

Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti ulimbowu sukhala chimodzimodzi mpaka kalekale. Kukazizira kwambiri umauma gwa n'kuyamba kung'aluka. Kukatentha umafewa, mafuta amene ankaufewetsa amatuluka, chinthucho n'kusintha maonekedwe. Kutentha masana ndi kuzizira usiku, tsiku ndi tsiku, kumalekanitsa ulimbo ndi timibulu tija pang'onopang'ono, chifukwa ziwirizi sizifutukuka mofanana. Mng'alu uliwonse ndi malo atsopano okhulanirana, ndipo moto ukalowamo umayenda msanga. Kuopsa kwa zophulika zokalamba kunaoneka pa sitima yankhondo ya ku America ya USS Forrestal mu 1967, pomwe mabomba akale anaphulika moto utangobuka, n'kupha anthu 134.

Choncho mukatsegula nyumba yosungira, yambani ndi maso, manja abwere pambuyo. Onani ngati katoni yanyowa mafuta pansi, ngati pali ufa woyoyoka m'ngodya, kapena chinthu chatupa, chapindika kapena chachita ming'alu. Mukaona zimenezi musachikande ndi chala, musachipukute, ndiponso musayese kuchimata. Tsekani chitseko, chotsani anthu, muitane amene anakugulitsani kapena akuluakulu oyang'anira zophulika.

Nyumbayo izikhala yozizirira bwino, youma, yopita mphepo, pa mlingo wa kutentha umene opanga analemba. Katundu amene anafika poyamba ndi amene aziyamba kutuluka, ndipo tsiku lotha ntchito likadutsa, mubwezeni kwa eni ake ngakhale akuoneka wabwinobwino.