Amene muli ndi peni ya inki kuno ku Salima, tamverani

Anzanga, malume anga adandisiyira peni ya inki ya Montblanc Meisterstück 149, yakuda bii, pamwamba pa chivindikiro pali kanyenyezi koyera, pansonga yagolide adalembapo 4810, kutalika kwa phiri la Mont Blanc la ku Ulaya m'mamita. Ndiyonenepa, m'dzanja imadzaza bwino ndithu, ndipo ikakhudza pepala imangotsetsereka yokha, zala sizitopa ngakhale mulembe masamba asanu.

Koma chonde musakanikize ngati bolopeni, nsonga ija ikangokhadzuka mwaiwononga ndipo kuno wokonza simumupeza. Inki ya pachidindo musayese n'komwe kuthiramo, imatseka njira, gulani ya mapeni oterewa ngati Parker Quink.

Kutentha kwa Okutobala kunoku nkhani ina. Ine ndidaigoneka m'chikwama pa kabaza kupita ku Senga Bay, pofika inki ili mbwee m'chivindikiro, mpweya wamkati ukatentha umakankha inki kunja. Muziyiyimika m'thumba la malaya nsonga ili m'mwamba, ndipo padzuwa kapena m'galimoto ayi.

Mukatha mwezi, itsukeni ndi madzi ozizira mpaka atuluke oyera. Ndipo makope apepala lopyapyala aja inki imadutsa kuseri, pezani pepala lokhuthalako.