Kufufuza Chimene Chikuchititsa Injini ya Turbo Kuphonya

Galimoto ya petulo yokhala ndi turbo, chipangizo chokankhira mpweya wochuluka mu injini, ikayamba kunjenjemera ndi kutsamwa pamene mukupondereza mafuta, mwachitsanzo pofuna kupitirira basi mumsewu wa Seke, nthawi zambiri silinda imodzi (chipinda cha mu injini momwe mafuta amapsera) ndiye kuti sikuyatsa bwino mafuta. Amakanika kuno ku Harare vutoli amalitcha misfire. Nyali ya injini ikamathwanima, chepetsani liwiro msanga, chifukwa petulo wosapsa amakawotcha catalytic converter, chipangizo choyeretsa utsi wa galimoto chomwe ndi chokwera mtengo kwambiri.

Yambani ndi kulumikiza makina owerengera zolakwika pa soketi ya OBD imene ili kunsi kwa chiwongolero. Nambala ya P0301 ikuloza silinda yoyamba, P0302 yachiwiri, pomwe P0300 ikusonyeza kuti kuphonyako kukuchitika m'masilinda osiyanasiyana.

Silinda ikadziwika, sinthanitsani koyilo yake (kachipangizo kotumiza magetsi oyatsira moto) ndi ya silinda yoyandikana nayo, fufutani nambalayo, kenako yendetsaninso galimoto. Vuto likasamukira komwe kwapita koyilo, wolakwa wapezeka. Likakhalabe pomwepo, masulani pulagi, imene imathetheka moto m'silinda, ndipo muiyang'anitsitse pamalo owala: mwaye wakuda, mafuta a injini kunsonga kapena mng'alu pa mbali yoyera ya pulagiyo zonsezi zimanena kanthu. Yezaninso mpata wa kunsonga kwa pulagi pomwe moto umadumpha, pakuti turbo ikakankha mpweya wambiri m'silinda, moto umalephera kudumpha mpata umene wakula ndi kutha. N'chifukwa chake galimoto yotere imalira bwino ikaima koma n'kuphonya pachitunda.

Ine ndimalangiza kuti musagule chilichonse musanachite zimenezi. Koyilo ndi pulagi zikakhala zabwino, katswiri ayeze injekita (kachipangizo kopopera petulo), mapaipi a mpweya ngati akutuluka mpweya, ndiponso kompuresheni ya silindayo, kutanthauza mphamvu imene imapanikizira mpweya.