Kusankha Chipangizo Chowerengera Mabuku Muli ku Dedza

Musanatume m'bale wanu wa ku Johannesburg kuti akugulireni chipangizo chowerengera mabuku, yambani mwadzifunsa kumene mabukuwo muziwatenga, chifukwa apa ndi pamene Kindle, Kobo ndi PocketBook zimasiyana kwenikweni.

Kapangidwe kake kasakuchedwetseni. Zonse zitatu zili ndi sikirini ya E Ink, imene imawerengeka bwino ngakhale padzuwa, ndipo batire limakhala masabata angapo lisanathe, zomwe zimathandiza magetsi akamazimazima. Ingoonetsetsani kuti chipangizocho chili ndi nyale yowerengera usiku. Ngati zowerenga zanu zambiri ndi manotsi a PDF, sikirini ya mainchesi 6 idzakutopetsani maso. Funani ya mainchesi 8 kapena 10.

Nkhani yagona pa sitolo ya mabuku. Kindle, imene Amazon inayamba kugulitsa mu 2007, ili ndi sitolo yaikulu kwambiri, koma mabuku ambiri ogulidwa kumeneko amakhala okhomedwa moti simungawasamutsire pa chipangizo cha kampani ina, ndipo kugulako kumafuna khadi monga ya Visa kapena Mastercard yolipirira ndalama zakunja, zomwe tonse tikudziwa kuvuta kwake masiku ano. Kobo, ya ku Canada koma yomwe mwini wake ndi Rakuten ya ku Japan kuyambira 2012, imatsegula mwachindunji mafayilo a EPUB (mtundu wofala wa mafayilo a mabuku), monganso PocketBook: mumangolumikiza chingwe ku kompyuta n'kukopera. Kindle imalandira EPUB kudzera pa Send to Kindle, njira ya Amazon yotumizira mafayilo ku chipangizocho, ndipo imeneyo imafuna intaneti. Choncho mphunzitsi wa ku Bembeke kapena ku Linthipe, amene amadalira mabuku aulere a Project Gutenberg (laibulale ya pa intaneti) ndi ogawana ndi anzake, ndingamulangize Kobo kapena PocketBook, pokhapokha ngati mabuku amene akufuna amapezeka ku Amazon kokha.

Za chithandizo, musayembekezere zambiri. Chitsimikizo (waranti) cha Kindle ndi Kobo ndi cha chaka chimodzi, koma kubweza chipangizo kumene chinagulidwa kungadye ndalama zoyandikira mtengo wake, ndiye uzani wokugulirani asunge lisiti ndipo achiyese asanachitumize. Mukagula chogwiritsidwapo kale ntchito, mwini wakaleyo achotse akaunti yake inu mukuona, kenaka mulowetse yanu pomwepo, popeza Amazon imatseka Kindle imene yanenedwa kuti inabedwa. Gulaninso chikuto cholimba, chifukwa sikirini yamtunduwu sichedwa kusweka ikapanikizika m'chikwama mu minibasi yopita ku Lilongwe.